Dzanja Lamanja la a Zakeyo

Ebelesi anaona kuti atate ake, a Zakeyo, akuswa nshawa ndi dzanja lamanzere. Lamanja anali atalibisa m'jekete. 

Ebelesi ankadziwa chimene chinali m'dzanjamo. Kuchipatala ku Chipata, dokotala anauza iyeyo m'Chingerezi, poti ndiye anafika ku koleji: khansa ya impso, ndipo yalowa kale m'mafupa a zala. Atate atafunsa kuti, "Akuti bwanji, mama?" Ebelesi anawabisira zoona. Anangoti, "Akuti ndi nyamakazi chabe."

Chaka chimenecho cha 1994, m'mudzi mwawo ku Zemba munafa ana atatu mwezi umodzi. Fisi ankalira kuseri kwa nkhokwe, n'kusiya fungo la chikopa chowola. Langton, amene mwana wake anali woyamba kuikidwa, anabisalira fisiyo n'kumutema ndi nkhwangwa mwendo wakutsogolo, wakumanja. Fisiyo akuti anathawa akubuula ngati munthu.

Kuyambira pamenepo, anthu ankapatsana moni maso ali pa manja.

Nshawa zisanathe m'lichero, Langton anafika ndi amuna anayi.

"Tulutsani dzanja, amalume."

A Zakeyo analitulutsa. Chala chapakati chinali chitatupa ngati mbatata, chakuda, chikuchucha.

"Ndi nyamakazi," anatero. "Mwana wangayu anamva yekha kwa adokotala."

"Nyamakazi imang'amba khungu?"

Onse anatembenukira kwa Ebelesi.

"Ndi khansa," anatero chapansipansi. "Inayambira ku impso. Ndinawabisira."

"Impso ili kumsana, asisi," anatero Langton. "Kuchala ikafunako chiyani? Dzana nyamakazi, lero khansa. Mawa mudzati chiyani?"

A Zakeyo sanalabadire amunawo. Anayang'ana mwana wawo.

"Ndiye kuti ndikufa, mama?"

"Inde, atate."

"Ukanandiuza. Ndikanawauza ndekha fisiyo asanatemedwe."

Langton analavula pansi. "Dzuwa likamatuluka, tisakupezeni muno."

M'mawa mwake Ebelesi anapeza mphasa ya atate ake itapindidwa bwinobwino. Njinga anaisiya, poti sakanatha kuiwongolera ndi dzanja limodzi. Mapazi awo analowera njira ya ku Mozambiki. Anawalondola mpaka padambo, pomwe anasowera mu udzu.

Pobwerera anamva kulira kwa Langton. Mwana wake wachiwiri anali atamwalira mbandakucha. Ebelesi anatunga madzi n'kukatula pamaliropo. Palibe amene anamuyang'ana kumaso, ndipo nayenso sanayang'ane munthu.