Bwato la mu Kompyuta ya Danwell

Chinayamba kumudabwitsa Linah ndi batire. Dzuwa la ku Chikomeni mvula ikangotha silinyengerera, limawomba pa sola padenga tsiku lonse, ndipo kale batirelo linkayatsa babu la pabalaza n'kutchajanso mafoni a anthu a mbali yonseyo osatopa. Koma chiikireni mwamuna wake Danwell Mtonga m'manda, kukacha batire linkapezeka latheratu, ngati wina wachezera kuliyamwa.

"Lakalamba chabe, alamu," anatero Ennie, mlongo wake wa malemuyo, amene anabwera kudzagona naye masiku a chisoni. "Mabatile a lomba, a masiku ano, ni achabechabe."

Linah anavomera ndi mutu, koma maso ake anatsata waya wochokera pabatirepo, wokwera khoma n'kukalowa kuchipinda chogona. Chipindacho chinali chokiya. Monga mwa mwambo, katundu yense wa malemu, zovala, nsapato, njinga ndi laputopu yake, anamutsekera mmenemo kudikira tsiku loti abale adzagawane, ndipo wamasiye saloledwa kukhudza ngakhale mpango. Kiyi anapita naye a Esau, mkulu wake wa Danwell. Linah, Ennie ndi kamwana ka Linah, Faides, ankagona pamphasa pabalaza.

Usiku wina atangozimitsa babu, agalu a kwa aneba atasiya kuuwa, Linah anamva madzi. Sanali madzi odontha mumtsuko ayi, anali madzi ambiri, akuya, omenya pagombe pang'onopang'ono, khavu, khavu. Mtsinje wapafupi unali utayamba kale kuphwa, ndipo ngakhale udzaze sumveka kunyumbako. Kenaka pamwamba pa madziwo panadza kanyimbo kowonda ngati kulira kwa udzudzu, ndi timapazi toyenda, kuima, kubwerera, kuyendanso. Phokosolo ankalidziwa bwino lomwe, chifukwa analigonera miyezi yambiri.

Danwell anali kalaliki wa kampani ina ya fodya, ndipo laputopuyo anaigula yogwiragwira ku Chipata kuti azilembera za alimi. Koma mkati mwake anapezamo gemu yakalekale, ya kamunthu kopangidwa ndi timabokosi, koyenda m'nkhalango ndi m'mapanga, kutola chingwe apa, nyali apo, kuika m'thumba, n'kumatsegulira nazo njira patsogolo. Bambo wamkulu ndithu, wandevu zake, anagwa nayo m'chikondi ngati mwana. Poyambirira gemuyo inafunsa mayina, iye kamwamunako anakatcha Danwell, ndipo kamkazi kotsatira pambuyo anakatcha Linah. Linah anaseka mpaka misozi, akuti iye alibe miyendo ya ngati ndodo choncho.

Anadutsa zonse, mpaka anafika pa mtsinje wakuda umene kutsidya kwake kunkaoneka chipata chomalizira. Pagombe panali kabwato. Akakwera onse awiri, bwato linkamira. Danwell anayesa kutaya katundu yense wa m'thumba, linamira. Anayesa kumanga chingwe, kufunafuna mlatho, kubwerera kumapanga kukaona ngati anaiwala kanthu, koma ayi ndithu. Mvula inagwa mpaka kutha iye ali pagombe pomwepo.

"Kwelani mweka, mutsilize, tigone," Linah ankamuuza akusenda mtedza pambali pake.

"Ine kusiya mkazi wanga kuno? Yayi, mama. Njila ilipo. Nizaipeza, tizaoloka tonse."

Nthawi imeneyo mawuwo ankamukoma Linah. Tsopano, ali gone pamphasa mumdima, chifuwa chitamutenga mwamuna wake mwadzidzidzi, mawu omwewo anamuzizira m'mafupa.

Kutacha anadzuka mapazi ali zii, ozizira ngati waima m'madzi usiku wonse. Masana thupi linatentha, madzulo linayamba kunjenjemera. Ennie anamuperekeza kuchipatala chaching'ono, anamubaya chala, malungo sanapezeke. Anamupatsa timapiritsi ta mutu n'kumuuza kuti ndi maganizo. Koma maganizo sanyowetsa munthu, ndipo Linah ankalumbira kuti m'mawa uliwonse kuzizira kuja kunkakwera, lero m'akakolo, mawa m'mawondo.

Usiku wina Ennie naye anadzimvera yekha phokosolo. Anamugwira Linah dzanja mpaka zikhadabo kulowa.

"Alamu, muli maso?" ananong'ona.

"Nili maso."

"Ni vichi ivo?" anafunsa Ennie za phokosolo.

"Ni gemu ya atate ake Faides."

"Ayatsa ndani? Kiyi ili kwa a Esau."

Pansi pa chitseko chokiya panali kuwala kobiriwira, kofooka, kosuntha ngati mthunzi wa madzi. Madzi anamenya, timapazi tinayenda, ndipo panamveka phokoso lija la bwato likumira, kubwibwibwi, kenaka zii. Patapita kanthawi kanyimbo kanayambiranso. Wina mkatimo anali kuyesa, kulephera, n'kuyesanso, moleza mtima ngati munthu amene alibe kwina kopita.

M'mawa Ennie anazula waya uja pabatire. Laputopuyo batire lake linafa kalekale, inkayaka pokhapokha ili pawaya, ndiye anati nkhani yatha. Usikuwo madzi anamvekabe, motsitsa chabe, ngati akuchokera pansi pa nthaka.

Nkhani yotere siikhala m'nyumba. Kumjigo ena ankati ndi a Esau amene akulowera pawindo kudzasankhiratu katundu wabwino. Ena ankati NyaZimba, ndiye Linah ameneyo, akudziwapo kanthu pa imfa ya mwamuna wake. Koma ambiri ankatsitsa mawu n'kunena kuti Danwell ankamukonda mkazi wake mopitirira muyeso, ndipo mwamuna wotero sapita yekha. Linah zonsezo sizinamupweteke ngati kumuona Faides akuseweretsa zitsononkho pakhomo. Mwana wosayamba n'komwe sukulu, bambo wapita, ndiye mayi apitenso? Ankachita mantha, mantha enieni, ndipo ankachitanso manyazi kuti akuopa munthu amene ankamukonda.

A Esau anabwera madzulo ena dzuwa litapendeka. Anali mkulu wa mpingo, munthu wosakonda nkhani za mizimu, koma ataona mmene mlamu wawo anaondera anakhala pansi osavula n'chipewa chomwe.

"Amake Faides, ine nasokonezeka," anatero. "Kwathu kuno munthu akasiya nchito pakati, abale timamutsilizila kuti agone. Fodya wake tasankha, tamanga. Nshawa takumba. Khola la mbuzi lija tafolela. Chatsala n'chiyani kansi?"

Linah anawafotokozera za mtsinje wakuda ndi kabwato. Ankayembekeza kuti aseka, koma a Esau sanaseke. Anapisa m'thumba n'kutulutsa kiyi.

"Tsiku logawa likalibe kufika, akulu," Ennie anawakumbutsa.

"Nidziwa. Koma nchito ni nchito, olo ikhale ya chibwana. Titsilize."

Mdima unali utagwira pamene anatsegula. Mkati munkanunkha chinyezi, ngati nyumba yodontha m'dzinja. A Esau anaima pakhomo osalowa. Iwo eni ake ndi amene anaika laputopuyo m'chikwama n'kuikweza pamwamba pa kabati, koma tsopano inali patebulo, yotsegula, mpando utakokedwa pang'ono ngati munthu wangodzukapo. Sikirini inali yakuda. Atalumikiza waya inayaka yokha osadina kalikonse, ndipo anthu awiri aja anali pomwepo pagombe, mayina awo ali pamwamba pa timitu tawo.

Popeza wamasiye sakhudza za malemu, a Esau ndiwo anakhala pampando, Linah akuwauza podina ali chiimire kumbuyo. Zala zawo zozolowera khasu zinaphonya. Anthu onse awiri analowa m'bwato, bwato linapendama, madzi akuda anawakwirira. Nthawi yomweyo Linah anatsamwa, anatsokomola mpaka kugwada pansi, akupuma ngati munthu womuvuula m'chitsime. Ennie anakuwa. A Esau anachotsa manja patebulo ngati apsa.

"Ine sinikhudzanso," anatero. "Amake Faides, mwambo tauphwanya kale. Khalani apa."

Linah anakhala pampando wa mwamuna wake. Unali wozizira. Gemu inali itabwerera pagombe, timapazi ta kamwamuna tikupita uku ndi uku, kamkazi kakutsatira. Faides anali atalowa mwakachetechete n'kudzatsamira pantchafu ya mayi ake, thupi lake lofunda, mutu ukununkha utsi ndi fumbi. Linah anayang'ana dzina lija pasikirini, misozi n'kuyamba yokha.

"Atate ake Faides, phepani," ananong'ona. "Munanikonda, nidziwa. Koma mwana akali mung'ono. Pitani mweka."

Anadina kamkazi kaja n'kukaimika pamchenga. Anadina kamwamuna, kanalowa m'bwato. Bwato silinamire. Linachoka pagombe pang'onopang'ono, madzi akumenya m'mbali, khavu, khavu, ndipo kamunthuko kanali chiimire, nkhope itayang'ana kumbuyo. Linachepa, linachepa, mpaka mdima wa kutsidya unalimeza. Kanyimbo kanaleka. Kwa nthawi yoyamba chichitikire maliro, m'nyumbamo munali bata, ndipo Linah anamva timagazi tikubwerera m'miyendo.

"Yewo, Chiuta," anapumira m'mwamba a Esau. "Yatha. Tiyeni tipemphele."

Anaweramitsa mitu. A Esau anapemphera motalika monga mwa chizolowezi chawo, kupereka mng'ono wawo m'manja mwa Mulungu, kupempha kuti wamasiye achire, kuti nyumba ikhale pamtendere. Ennie ankavomera akufwenthera. Koma mwana satsinzina popemphera.

"Amama," anatero Faides, akukoka chitenje. "Amama, onani. Labwela."

Linah anatsegula maso. Kuchokera mumdima muja bwato linali kubwerera, lokha, lopanda munthu, likudula madzi mosafulumira. Linafika pagombe n'kugunda mchenga pamapazi penipeni pa kamkazi kaja, n'kuima. Kutsidya, patali, kanyali kanayaka pafupi ndi chipata, ndipo chipatacho chinali chikadali chotseka.

Pemphero linathera pakamwa. Akuluakulu onse atatu anaona chinthu chimodzi: njira imene Danwell anaifuna dzinja lonse inali imeneyi. Bwato limaolotsa mmodzimmodzi, ndipo chipata sichitseguka mpaka onse awiri afike.

"Ndiye kuti nchito ikalibe kutha," a Esau ananong'ona, osamuyang'ana mlamu wawo kumaso.

Kuzizira kuja kunabwerera, ulendo uno mpaka m'chiuno. Linah anabisa manja ake onse awiri m'khwapa kuti asakhudze kanthu. Madzi anayambanso kumenya, kanyali kakudikira.

"Adada akuitanani," anatero Faides mokondwa, akuloza ndi kachala. "Lomba ni imwe, amama. Mukwela?"