Kuseri kwa Khoma la a Sulaiman

Chinayamba ndi makina osokera kusiya kulira. Ku Bangwe, kumtunda kwa msika, a Onesimo anakhala khoma limodzi ndi a Sulaiman, atelala, kwa zaka zambiri, moti kulira kwa makinawo kunali ngati wailesi ya m'nyumba mwawo. Nyengo yozizira itafika, makina anangoti zii. Chitseko chinkakhala chotseka usana wonse, ndipo Madina, mkazi wa atelalawo, sankaonekanso pampopi.

A Onesimo anali ndi chawo kumtima. Pa ukwati wa mwana wawo anapha okha mbuzi, osaitana Msilamu kudzazinga monga amachitira anthu kuno, ndipo a Sulaiman anadya mpunga ndi kabichi, nyama osaikhudza. Munthu wochokera ku Nsanje ngati a Onesimo, amene analondera fakitale ku Makata mpaka maso kufooka n'kuchotsedwa ngati galu wokalamba, sangaiwale kunyozeredwa mbuzi pamaso pa alendo.

Madzulo ena magetsi anathima, monga amachitira pofuna kutikumbutsa kuti ndife amphawi. Mumdimamo, kuseri kwa khoma, chinthu cholemera chinayamba kukhwekhwerezeka pansi. Khwee, n'kuima. Khwee, n'kuimanso, ngati wochikokayo akumvetsera kaye.

"Evelina, ukumva?" ananong'oneza a Onesimo kwa mkazi wawo.

"Ndi bedi ilo. Gonani."

"Bedi la ndani limayenda mumdima?"

"Lanu likanati liziyenda, bwenzi litakupititsani kokafuna ganyu."

Mawa lake kunafika mlendo wamtali, wandevu, wolankhula Chiyao chosakaniza ndi Chipwitikizi. Analowa kwa a Sulaiman ndipo sanatulukenso. Masiku amenewo mafoni anali atadzaza zithunzi za nkhondo ya kumpoto kwa Mozambique. Pampopi ankati zigawenga zalowa kale m'dziko muno. M'minibasi ankati zimabisala kwa anzawo ovala kofia. Palibe amene anaziona, koma aliyense anali ndi mlamu wake amene anaziona.

Usiku wotsatira kunamveka nsalu ikung'ambidwa, pang'onopang'ono, kung'amba kwakutali kosatha msanga. Fungo la lubani linadutsa pamwamba pa khoma, pansi pa malata, n'kudzaza chipinda cha a Onesimo. Kenako amuna awiri anayamba kunong'ona mawu amodzimodzi, kubwereza, kubwereza, mpaka tambala. Telala wanji amang'amba nsalu ndi manja mumdima, lumo ali nalo?

M'mawa a Onesimo anakumana ndi a Sulaiman pakhomo, maso a atelalawo ali psu.

"Mayi ali kuti masiku ano, achimwene?"

"Akupuma," anatero atelala, n'kutseka chitseko.

A Onesimo anapita kwa Hawkins, wapampando wa achitetezo a m'dera, munthu amene jekete yonyezimira inam'lowa m'mutu.

"Mdala, iyi ndi nkhani ya chitetezo cha dziko," anatero Hawkins. "Anthu amenewa ukadikira umboni, umboniwo umakhala mutu wako."

Apolisi anafika kachisisira, khamu la anthu lili pambuyo. A Sulaiman anafunsa chikalata chololeza kusecha m'nyumba. Wapolisi anangosisita mfuti yake n'kuthyola chitseko. Anatulutsa mlendo uja, amene analibe chiphaso, ndi nsalu yoyera yong'ambidwa zidutswa zisanu. China panalibe.

A Onesimo anasuzumira mkati. Bedi linali litatembenuzidwa kuti wogonapo ayang'ane kumpoto, kumene Asilamu amayang'ana popemphera. Pabedipo panali Madina, mafupa okhaokha. Kuchipatala anali atam'bweza, ndipo iye anapempha kuti anthu asamuone chonchi. Mlendoyo anali mlongo wake wodzatsanzika. Nsaluyo inali sanda, yokulungira mtembo wake.

"Bwana, mkazi wanga akutsirizika," anachonderera a Sulaiman. "Kwathu munthu safa yekha. Pamafunika womutsogolera mawu a chikhulupiriro, kuti akhale omaliza pakamwa pake. Ndisiyeni usiku uno wokha. Mawa ndibwera ndekha."

"Mukanena kusiteshoni."

Akuwakankhira m'galimoto, a Sulaiman sanayang'ane a Onesimo. Anayang'ana Evelina. "Mayi, musamusiye."

A kumzikiti sanabwere usiku umenewo. Hawkins ndi anyamata ake ankazungulira ndi zibonga, ndipo aliyense wovala kofia ankadziwa chimene chikanamuonekera. Evelina anatenga kandulo, kolona ali m'thumba, n'kukakhala pambali pa wodwalayo. Mawu ofunikawo sankawadziwa ngakhale limodzi.

A Onesimo anagona okha, khutu kukhoma. Kunja mphepo inkagwedeza malata, agalu a kumsika atasiya kuuwa. Anamva mpweya wa Madina ukukoka movutikira. Patapita nthawi anamva mawu a mwamuna, otsika, odekha, akutchula pang'onopang'ono, ndi mawu a mkazi akutsatira pambuyo ngati mwana wophunzira kuyenda. Mtima wa a Onesimo unakhala pansi. A Sulaiman awatulutsa, anaganiza motero. Ndiye kuti palibe chimene ndalakwa.

Madina anamwalira kusanache. Anaikidwa tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, monga mwa mwambo wawo, atakulungidwa m'nsalu ina yogulidwa mothamanga, poti yake inali kupolisi. Mwamuna wake kumanda kunalibe.

A Sulaiman anatulutsidwa sabata itatha, opanda mlandu, opanda pepani. Mlamu wawo, mlendo uja, apolisi anakam'taya kumalire a Mozambique. Asanalowe n'komwe m'nyumba mwawo, anagogoda kwa a Onesimo n'kukhala pampando, kofia ili m'manja.

"Mayi, ndiuzeni chimodzi chokha. Anatsiriza bwanji?"

"Bwinobwino," anatero Evelina. "Mawu aja anawanena onse. Si inu munkawatsogolera?"

"Ine?"

"Kandulo itatha, munalowa n'kukhala tsidya lina la bedi. Ndinamva bedi likutsika. Ndinati akulolani mudzatsanzike n'kubwereranso."

"Ine ndinali m'chitokosi, mayi. Anthu makumi atatu angachitire umboni."

Apo m'pamene a Sulaiman anatembenukira kwa a Onesimo.

"Inu achimwene, amene mumamva zonse za m'nyumba mwanga. Munamva?"

A Onesimo anayankha kuti, "Ndinamva."

"Anali mawu a ndani?"

"Anu."

A Sulaiman anavala kofia yawo pang'onopang'ono. "Basi, sanafe yekha," anatero. Anathokoza Evelina ndi manja awiri n'kutuluka. M'nyumba mwawo sanagonemo. Anapita kwa abale awo ku Nkolokosa, chitseko chothyoka chija atachimanga ndi waya.

Kutada, a Onesimo anakhala pabedi osavula nsapato.

"Evelina, munthu uja anatuluka nthawi yanji?"

Evelina anayang'ana khoma nthawi yaitali.

"Kulowa ndinamumva," anatero. "Kutuluka sindinamumve."