Mukandidziwe Nokha pa Depoti

Basi yomaliza italowa m'depoti n'kutsitsa anthu ake onse, Atelala anadziwa kuti panalibenso chodikira, koma anakhalabe pabenchi. Alonda anayamba kukoka zitseko. Wosesa anasesa mozungulira mapazi awo, kenako anangoima n'kuwayang'ana, tsache lili m'manja. Apo m'pamene ananyamuka, anakoleka jumbo yawo pamkono, n'kuuyamba wa kunyumba. Maminibasi opita kwawo anali atasiya kale kuyenda. Panatsala miyendo basi.

Mayiyu anali telala wa pakhonde la sitolo, ndipo aliyense ankangoti Atelala. Tsiku limenelo makina sanawavundukule. Anabwera kudzachingamira mwana wawo wamkazi, yekhayo amene anabereka, amene anamuona komaliza akuphunzira kuyenda. Ukwati utatha, bambo wake anamutenga n'kupita naye kutali. Zifukwa zoti mayi asatsatire zinalipo, zina zomveka ndithu, koma zifukwa sizilera mwana. Mwanayo anakula, bambo wake anamwalira, ndipo tsiku lina foni inalira.

"Ndibwera Loweruka pa basi," anatero mawu a mkazi wamkulu.

"Unditumizireko chithunzi, mwananga, kuti ndikakudziwe."

"Ayi. Inu muvale mpango wofiira kuti ndikuoneni. Ine mukandidziwe nokha. Si munandibereka?"

Ndiye anavala mpango wofiira, n'kufika m'depoti dzuwa lisanatenthe. Amene sanadikirepo mlendo pa depoti yaikulu asamanene kuti amadziwa kudikira. Mabasi amalowa kuchokera mbali zonse, ndipo aliyense wotsika amakhala ndi womukuwira. Ana a sukulu ndi mabokosi awo, odwala odzaonana ndi adokotala a chipatala chachikulu, apongozi odzaona khanda, amuna odzafuna ntchito atavala jekete yobwereka. Wina akumbatiridwa, wina alandidwa chikwama, wina akalipiridwa chifukwa chosaimba foni. Posakhalitsa onse atengedwa, pabwalo payera, basi ina yalowa.

Atelala ankaima pakhomo pa basi iliyonse n'kumayang'ana nkhope za atsikana. Uyu mphuno ngati ya bambo wake uja. Uyu chipumi. Masana anagwira dzanja la mtsikana wina wa maso aakulu, mtima uli m'mwamba.

"Mayi, ndisiyeni. Kodi mwalawa?" anatero mtsikanayo, ndipo onyamula katundu anaseka mpaka kugwira m'mimba.

Foni ya mwanayo anaiimba mpaka chala kuwawa. Sinkapezeka.

Tsopano ankayenda okha, m'jumbo muli diresi limene anamusokera popanda muyeso, pongoyerekeza ndi thupi lawo ali mtsikana. Njira yachidule inkadutsa kuseri kwa depoti, pabwalo pamene amatayapo mabasi akufa, kenako n'kukwera mlatho wa oyenda pansi wodumpha njanji. Masana ndi njira yabwinobwino. Usiku munthu wanzeru amazungulira. Koma Atelala mtima unali utasweka kale, ndipo munthu wotero saopa akuba.

Mabasi akufawo anandanda mbali zonse ziwiri, opanda matayala, opanda magalasi, udzu utamera m'zitseko. Nyali inali imodzi yokha, kutali, pafupi ndi mlatho.

"Anzanga, tiyendere limodzi."

Atelala anatembenuka. Anali mayi wachikulire, wochepa thupi, atavala juzi yabulauni, chikwama chakuda atachikumbatira pachifuwa. Anamukumbukira. Anakhala naye benchi imodzi tsiku lonse, kumapeto kwake, osalankhula, maso ali kuchipata.

"Nanunso wanu sanafike?" anafunsa Atelala.

"Afika."

Anayenda. Diso la telala silipuma ngakhale pa maliro, ndiye Atelala anaona kuti diresi la mnzawoyo linali la kasokedwe kakale, kamene iwo anaphunzirirapo ntchito ali mtsikana. Koma nsalu yake inali yatsopano, yosasuluka. Anadabwa pang'ono, n'kuzisiya.

Chimene sanathe kuchisiya n'chakuti mayiyo ankaima pa basi yakufa iliyonse. Ankanyanyamphira, n'kusuzumira pawindo lopanda galasi, kuyang'ana mpando ndi mpando monga amachitira anthu basi ikangofika. Kenako ankapukusa mutu.

"Si iyi."

Basi yotsatira, chimodzimodzi.

"Si iyinso."

"Mayi, amenewa ndi mabasi otayidwa. Mulibe munthu."

"Alimo. Koma wanga mulibe."

Atelala anamva tsitsi likuima pansi pa mpango. Anafulumiza. Nsapato zawo zinkalira pamiyala, khwa, khwa, khwa. Anatchera khutu kuti amve za mnzawoyo.

Zii.

Anacheuka. Mayiyo anali pomwepo, phewa ndi phewa.

"Wanu ndiye anabwera," anatero.

Atelala anaima ngati awombedwa mbama.

"Mwati chiyani?"

"Anatsika basi ya chakumadzulo. Anakuonani ndi mpango wanuwo. Anaima kuseri kwa chipilala, nthawi yaitali, akukuyang'anani. Analira. Anayamba kubwera, n'kubwerera. Anayambanso... Kenako anakwera basi yobwerera."

"Mwana wanga? Inu mwamudziwa bwanji?"

"Kampata ka m'mano ngati kanuko. Kaimidwe kanu komwe, dzanja m'chiuno."

"Nanga bwanji simunandiuze? Tinali benchi imodzi!"

"Masana anthu sandimva."

Mawu amenewo Atelala anawamva, koma anawakankhira pambali. Mwana anabwera. Anakwera basi ulendo wonsewo. Analira. Munthu amene wakutaya salira.

"Ali bwanji? Wanenepa? Akuoneka wodwala?"

"Ali bwino. Diresi lili m'jumbomo limukwana. Mungotsitsako mpendero, ndi wamtali kuposa inu."

Jumboyo inali yakuda, yomanga pakamwa. Atelala sanauze munthu aliyense za diresi.

Anafika pamakwerero a mlatho. Mwa chizolowezi, Atelala anagwira dzanja la wachikulireyo kuti amuthandize kukwera. Linali lozizira ngati sizasi yogona panja. Ndipo linalibe kulemera. Zinali ngati wanyamula mkono wa malaya opanda munthu.

Anafuna kulisiya. Zala zinakana.

Anakwera. Sitepe. Sitepe ina. Nyali ija tsopano inali kumbuyo kwawo, ndipo chithunzithunzi chinagwa patsogolo, pamatabwa a mlatho. Mutu wa mpango. Jumbo. Mkono wotambasuka...

Wogwira mphepo.

Chithunzithunzi chinali chimodzi.

Pansi pa mlatho njanji zinayamba kung'ung'udza, sitima ya katundu ikubwera. Mlatho unanjenjemera. Pakati penipeni mayi uja anaima.

"Ine ndilekeza pano. Ndibwerere, angandisowe."

"Mayi... ndinu ndani?"

"Analira, anzanga. Musaiwale. Analira kwambiri."

Sitima inadutsa ndi chiphokoso chake, utsi unakwera n'kuphimba zonse. Atelala anatsinzina. Atatsegula maso, dzanja lawo linali lotambasukabe.

Kutsogolo, palibe. Kumbuyo, palibe. Makwerero onse ali mbee!

Anathamanga. Munthu wa msinkhu wawo, mawondo olira ngati chitseko, anathamanga mpaka pakhomo pawo.

Wina akanagona atafunda kumutu mpaka kucha. Atelala anakhoma chitseko, anamwa madzi, n'kuyamba kudzikalipira. Chithunzithunzi? Nyali inali yofooka. Dzanja lozizira? Nanga wachikulire wokhala panja tsiku lonse litenthe bwanji? Diresi? Mwina anasuzumira m'jumbo iwo ali kuchimbudzi. Munthu akafuna kukhulupirira, zifukwa zimabwera zokha ngati nyerere pa shuga.

Anayatsa nyali, anatulutsa diresi, n'kuyamba kumasula mpendero. Anautsitsa, anausoka pamanja kuti makina asadzutse aneba, anausita. Akusoka ankalankhula okha. "Wamtali. Watengera abambo ako, iwe. Ndiye kuima kuseri kwa chipilala ngati wakuba bwanji? Ukanangotsokomola." Anaseka, kenako misozi inagwera pansalu, anachita kusitanso.

Anatsimikiza mtima. Nyumba ya mwanayo sankaidziwa, ankangodziwa dzina la tauni. Koma mwana amene analira angathe kufunidwa khomo ndi khomo. Akatsegula, sadzatseka.

Kunja kusanayere anali kale m'depoti, tikiti ya basi yoyamba ili m'manja. Basiyo inali ikudzaza. Anaganiza zoyamba apeza mayi uja, amuthokoze, amufunsenso mtundu wa zovala zimene mwanayo anavala. Pabenchi panalibe munthu. Pafupi pake bambo wogulitsa tiyi, wa imvi mutu wonse, anali akukoleza moto pansi pa ketulo.

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

"Ndadzuka, kaya inu, mayi a mpango wofiira? Mwabweranso? Dzulo munatsala pang'ono kutibera mwana wa eni."

"Zisiyeni izo. Ndikufuna mayi amene ndinakhala nawo apa dzulo. Achikulire, a juzi yabulauni, chikwama chakuda."

Watiyi anasiya kukupiza moto.

"Dzulo pabenchipo munali nokha."

"Bambo, musandichedwetse, basi indisiya. Tayenda limodzi usiku mpaka pamlatho."

"Anakuuzani kuti wanu anabwera?"

Atelala anamuyang'anitsitsa.

"Kuti anaima kuseri kwa chipilala? Kuti analira, n'kukwera basi yobwerera?"

"Ndiye kuti nanunso munamuona mwana wangayo!"

Bamboyo anapukuta manja pa epuloni pang'onopang'ono. Anathira tiyi m'kapu n'kuwapatsa, osafunsa ngati akumufuna.

"Amauza aliyense, mayi. Mawu ake omwewo. Chaka chatha anauza bambo wina amene ankadikira mkazi wake. Anauzanso mtsikana wina amene ankadikira chibwenzi. Aliyense wotsala yekha pabenchipo mpaka zitseko kutsekedwa."

"Kodi ndi amisala?"

"Anali anzeru zawo ngati inu ndi ine. Anachokera kutali, kudzaona mwana wawo wamwamuna amene ankagwira ntchito mumzinda muno. Mwanayo anawauza kuti mukatsika musasunthe, ndidzakutengani. Ndiye sanasunthe. Tinawauza kuti tikukwezeni basi mubwerere, anakana. Tinati tiyeni mukagone kwathu, anakana. Ankati akabwera andisowa. Ndinkawapatsa tiyi pomwe mwaimapo. M'mawa wina kozizira osesa anawagwedeza, osadzuka. Nthawi imeneyo mutu wangawu unali wakuda bii, ndipo mabasi amene mwawaona kuseriko anali akuyenda pamsewu."

Atelala anatsitsa kapu.

"Mwana wawoyo... anabwera?"

"Ayi, ngakhale kudzatenga mtembo. Ine ndinalipo masiku onsewo. Kuseri kwa chipilala sikunaime munthu."

Kondakitala anamenya m'mbali mwa basi. "Otsala awiri! Mayi a mpango, tikunyamukatu!"

Atelala anagwira mkono wa Watiyi. "Koma ananena za kampata ka m'mano. Anati n'kofanana ndi kanga. Akanadziwa bwanji asanamuone?"

Bamboyo anawayang'ana pakamwa, kenako anayang'ana pansi.

"Mwati anakhala nanu tsiku lonse. Mano anuwo anawaona."

"Ndiye mwana wanga anabwera kapena sanabwere?"

"Mayi, pano pamatsika atsikana ambirimbiri. Ine ndimayang'ana ketulo."

"Ndiuzeni chabe. Simunaone aliyense ataima apo? Ngakhale pang'ono?"

Watiyi anatsegula pakamwa. Bodza linali pafupi, ndipo linali laulere. Koma anali ataona kale chimene bodza limenelo limachita kwa anthu.

"Sindinaone."

Hutala inalira. Atelala anayang'ana basi, anayang'ana tikiti. Usiku wonse ankapita kwa mwana amene analira. Tsopano akanapita kwa ndani? Kwa mkazi wachilendo amene anawaveka mpango wofiira, n'kuwaimika padzuwa tsiku lathunthu, n'kuzimitsa foni?

"Mayi, mukwera kapena ayi?" anakuwa kondakitala.

Sanasunthe. Chitseko chinatsekedwa, basi inabwerera m'mbuyo, inakhota, n'kutuluka pachipata.

"Mwina basi yake inawonongeka panjira," anatero Atelala, mawu ali pansipansi. "Zimachitika. Mwina foni inatha moto. Akhoza kufika lero."

Anayang'ana pokhala.

"Pamenepo ayi, mayi," anatero Watiyi. "Tengani mpando wangawu. Khalani pena paliponse, koma pamenepo ayi."

"Apa m'pamene chipata chimaoneka bwino."

Anakhala pabenchi, anakonza mpango kuti uonekere patali. Basi yoyamba yochokera kutali inali ikulowa, nyali zikadali zoyaka, nkhope zitadzaza m'mawindo.