Gawuni ya Taonga

Mlendoyo anati dzina lake ndi Bonface, ndipo ankafuna mnyamata wophunzira ku London woti akaimire chipani kumudzi.

Apa panali pakhomo pa Mayi Justina, namwino wa ku Romford, amene ankasunga Evance, mwana wa mng'ono wawo. Linali khomo la pemphero. Mayiwa popita kuchipatala ankamusiyira chakudya mu uvuni, ngakhale ankadziwa kuti kuyunivesite, kumene ankaphunzira zaulimi, mnyamatayo ankapitako mwa apo ndi apo.

"Mayeso ndinalephera, achimwene," anatero Evance.

"Kumudzi amawerenga satifiketi ndani?" Bonface anaseka. "Anthu amaona chithunzi."

M'kabati munali gawuni imene Taonga, mwana wa Mayi Justina, anavala polandira digiri. Evance anaipempha.

"N'kungojambulitsa basi, anti."

"Mwanangu, nsalu yobwereka sithetsa usiwa. Bwereza mayesowo."

Komabe anamupatsa, ataisita bwinobwino. Evance anapita nayo kumudzi, osaibweza.

Chithunzicho chinamatidwa m'mitengo yonse ya kwawo. Evance anakhala phungu, kenako nduna ya zaulimi. Kutchalitchi ku Tottenham anthu ankagwira chanza Mayi Justina. "Mwalera nduna, mayi!" Iwo ankangowerama, osadziwa ngati anyadire kapena aulule.

Posakhalitsa Bonface anabweretsa ku unduna mbewu ya chimanga ya kampani yake. Alangizi anati iyesedwe kaye, ndipo anayamba kufunsa nduna mafunso. Poopa kuti umbuli wake uonekera, Evance anasayina msangamsanga.

Mbewuyo sinamere.

Mayi ake a Evance anaimba foni. "Munda uli mbee, achemwali. Tinadzala chifukwa ndi mwana wathu. Kodi kumeneko anaphunzira chiyani?"

Mayi Justina anakumbukira tsiku lija. Anali atasita gawuniyo ndi manja awo. Kodi mlandu wa njalayi unali wa Evance yekha?

Atolankhani anafufuza digiri ija, osaipeza. Unduna unatha, uphungu unatha, Bonface anasintha nambala.

Achinyamata, bodza limene mwavala lero lidzagoneka ndi njala anthu osalakwa, ena mwa iwo abale anu.

M'mawa wina wozizira Mayi Justina anapeza Evance pakhomo, wowonda, wopanda jekete.

"Ndalembetsanso mayeso aja, anti."

"Nanga mvula ya chaka chatha ukailembetsa kuti?"

Mayiwo anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anapatuka kuti alowe, nakayatsa ketulo. Pobwera ndi tiyi anapeza kabati ili yotsekula pang'ono, gawuni ya Taonga itapachikidwa pamalo pake.