Nsapato Yosagwira Fumbi

Mtsikanayo analowa mu shopu ya wosoka nsapato akudumphira mwendo umodzi, sandasi yoduka lamba ili m'manja. Mmisiriyo sanayambe n'kuyang'ana nkhope. Iye ankayamba ndi soli, chifukwa ankati pakamwa pamanama koma soli sinama.

"Mumayenda ngati mukuthawa mvula," anatero akuitembenuza. "Ndipo phazi lamanzereli mumapondera kunja."

"Ndabwera kudzasoketsa, bambo, osati kudzaombeza."

Tsiku lomwelo mmisiri anamupatsa mtsikanayo dzina loti Kamphepo, naye anamubwezera lake, Amisiri. Sandasi ija inaduka kanayi mwezi umodzi, mpaka mlongo wake wa mmisiri, amene ankagulitsa zingwe ndi polishi pakhomo la shopuyo, ananenetsa kuti pali lumo likugwira ntchito penapake.

Chikondi chitakwanitsa chaka, Kamphepo anapeza ntchito kunja kwa dziko, yoyendetsa alendo wapansi m'mizinda yakalekale kwa miyezi khumi ndi iwiri. Mmisiri anamusokera nsapato zolimba za ulendowo. Pomuyeza phazi, Kamphepo naye analanda pensulo, anamupondetsa papepala n'kulemberera phazi lake, ati akhale ndi chokumbukira.

Pabwalo la ndege Kamphepo anamugwira manja ake akuda ndi guluu. "Paliponse ndikaponde, ndidzaponda nawe. Mzinda uliwonse, chithunzi chimodzi. Ukundimva, Amisiri anga?"

Zithunzi zinayamba kubwera. Kamphepo sankajambula nkhope, ankaloza foni pansi. M'zithunzimo munkaoneka nsonga za nsapato zake zili pamiyala yosalala ndi mapazi a anthu amene anamwalira kalekale, pamasitepe okumbika pakati, m'tinjira topapatiza toti anthu awiri sangadutsane. Mauthenga ake anali okoma ngati uchi. "Lero ndakwera masitepe mazana atatu, soli zako sizinandichititse manyazi. Ndakusowa, mtima wanga."

Mu mzinda wachitatu, m'mphepete mwa chithunzi munatulukira nsonga ya nsapato ina. Yofiirira, yachimuna, itaima pafupi kwambiri ndi phazi lamanzere la Kamphepo.

Wina akanangoti ndi mlendo wodutsa. Koma uyu anali mmisiri, ndipo umisiri wakewo ndi umene unamupweteketsa. Anakulitsa chithunzicho ndi zala n'kuyamba kuwerenga. Chikopa chofewa, chodula. Ulusi wosokedwa pamanja. Phazi lalikulu ndithu, la mwamuna wamtali.

Mzinda wachinayi, nsapato ija ilipo. Wachisanu, ilipo, pamwamba pa mpanda wakale wa miyala. Chimene chinamudya kwambiri n'chakuti za Kamphepo zinkatuwa ndi kukwinyika mwezi ndi mwezi, koma yofiirirayo inkangonyezimira, yopanda fumbi, yopanda ngakhale mzere umodzi pamene zala zimapindikira. Ndi munthu wamtundu wanji woyenda m'mizinda ya miyala osapinda nsapato? Wagalimoto basi. Bwana wina wonenepa khosi, wongotsika kudzajambulitsa n'kukweranso, mkazi wa mwini ali pambali.

Nsanje inamulowa mpaka m'mafupa. Anadzikhoma chala ndi nyundo kawiri sabata imodzi. Kasitomala aliyense wobwera ndi nsapato yofiirira ankalandiridwa ngati wakuba.

"Achimwene, bwanji osangomufunsa?" anatero mlongo wake. "Safunsa anadya phula."

Iye anakana. Anati kufunsa n'kupatsa munthu mpata wokonza bodza, pamene umboni ali nawo kale m'manja. Mayankho ake anayamba kufupika. Kamphepo akalemba ndime yonse yofotokoza za msika wa pansi pa zipilala, iye ankayankha kuti "Chabwino." Akamufunsa ngati akudwala, ankati ntchito yachuluka.

Kenako unafika uthenga wochokera mu mzinda wachisanu ndi chiwiri. Pachithunzi, nsonga ziwiri zija zinali zitagundana. "Lero tawoloka mlatho wa zaka mazana asanu, ine ndi wokondedwa wanga. Mwamuna ameneyu sadandaula kutopa! Wamuzindikira?"

Mtima unamuphulika. Mpaka kumunyogodola poyera chonchi? Anapukuta manja pa epuloni n'kulemba asanapume n'komwe.

"Ndinamuzindikira kalekale. Soli zikatha akusokere yemweyo. Anthu ankandiuza kuti mkazi woyendayenda sakhala wa munthu mmodzi, ine n'kumakana. Usandilemberenso."

Foni inaonetsa kuti wawerenga. Yankho silinabwere tsiku limenelo, ngakhale mawa lake. Inatha miyezi inayi foni ili zii, ndipo mmisiri ankadzitonthoza kuti wolakwa ndi amene amakhala chete. Komabe m'mawa uliwonse asanatsegule chitini cha guluu, ankayamba wasuzumira pa foni.

Tsiku lina m'mawa chitseko chinatsekuka. Mwa chizolowezi anayang'ana pansi, ndipo anaona ntchito ya manja ake, yotuwa, zidendene zitadyeka, yamanzere itathera kunja. Kamphepo anali ataonda pang'ono. Sanamwetulire, sanakhale pansi. Anangoika katoni yokutha m'makona pa benchi.

"Katundu wanu, bambo."

Bambo! Liwu limenelo linamubaya kuposa singano. Anatsegula katoniyo. Munali nsapato zofiirira zija, zonse ziwiri. Anazitembenuza. Soli zinali zosalala, zosakandika paliponse, zosapondedwapo ndi munthu. M'kati mwa yakumanja munali pepala lopindapinda, lolembereredwa phazi ndi pensulo.

"Ndinazisoketsa kwa mkulu wina mu mzinda wachiwiri," anatero Kamphepo mawu ali pansi. "Umavalika anthu onse, iwe uli ndi zigamba kuphazi. Ndinkazinyamula m'chikwama tsiku lonse, msana kuwawa, kuti ndikafika pamalo pokongola ndiziike pambali panga. Ndinalonjeza kuti ndidzaponda nawe. Ndinkaganiza kuti katswiri wa mapazi a anthu angadziwe phazi lake."

Mmisiri anayesa kunena kuti pepani, anamutchula mayina onse okoma, koma anatuluka owuma.

"Ukanandifunsa, ndikanaseka," anatero Kamphepo. "Ukanandikalipira, ndikanakhululuka. Koma za mkazi woyendayendazi sunazione pachithunzi ayi. Zinali kale mumtima mwako."

Anatembenuka n'kutuluka ndi liwiro lake lija. Mlongo uja anamutsatira ndi maso mpaka pokhota msewu, kenako anasuzumira m'shopu.

Mmisiri anakhala pa benchi, anavula zigamba zake n'kulowetsa phazi mu nsapato ya mdani wake uja, amene anamuda miyezi isanu ndi inayi. Inamukwana ndendende.