Botolo Lozondoka la a Medson

Chifikireni ku Chikanda, a Medson sankagona asanaimike botolo chozondoka patebulo, kuti nthaka ikagwedezeka ligwe n'kuwadzutsa. Chivomerezi cha ku Karonga chinagwetsera khoma pa mkazi wawo ali mtulo, ndiye mng'ono wawo Felix anawatenga kuti adzapumitseko mtima ku Zomba.

Usiku wina, mdima uli bii, mphepo ikulira kuchokera kuphiri, botolo lija linagwa, gobede! A Medson anathamangira panja ndi kabudula wamkati yekha, n'kukaima pabwalo. Mawa lake chimodzimodzi, mkuja wakenso. Kaya anali khoswe, kaya chiyani, Felix sankamva kugwedezeka kulikonse. Koma pampopi, ha, nkhani inali itapsa kale.

"Bambo wamkulu kumapezeka panja usiku ali buno bwamuswe? Uja amatamba basi," ankanong'onezana amayi.

Eni nyumba, a Mwanamvua, anamukokera Felix pambali. "Akatulukanso, musamuke nonse. Anyamata ayamba kale kutola miyala."

Felix anachita mantha. "Achimwene, kuno kulibe chivomerezi. Zili m'mutu mwanumu."

"Mng'alu wa m'nthakawu ndi umodzi, Felix," a Medson anayankha motsitsa mawu. "Wachokera kwathu kuja, wadutsa pansi pa nyanja, ndipo phiri lanuli lakhala m'mphepete mwake. Matanthwe a pansi akatopa kukankhana, amaterereka."

Kuyambira madzulo amenewo, mkulu wake akagona, Felix ankamata botolo lija patebulo ndi guluu, mtima ukumuwawa. M'mawa ankalimatula mwakachetechete. Sabata inatha botolo lisanagwe, ndipo miseche inazilala.

Kenaka usiku wina agalu a Chikanda yense anauwa pamodzi, n'kungoti zii. Kunabwera mkokomo ngati lole yolemera ikuyenda pansi pa nthaka. Malata analira, mbale zinagwa, bedi linasuntha lokha. Anthu anakhamukira panja, ena osavala n'komwe, a Mwanamvua akufuula dzina la Mulungu. Felix anayang'ana uku ndi uku pakati pa khamulo. Achimwene ake panalibe.

Analowanso m'nyumba, tochi ili m'manja. Anawapeza atakhala pamphasa, fumbi la njerwa likuwathothokera m'mutu, maso ali tong'o pa botolo lomwe linali chiimire.

"Achimwene, tulukani! Khoma lang'aluka!"

A Medson anamwetulira, misozi ikutsika.

"Taona, Felix, silikugwa. Unkanena zoona, zili m'mutu mwangamu. Pita ukagone, lero sindikuchititsanso manyazi."