Anangofuna Kundifikitsa pa Geti

Ine ndine Overstone Kadzamira wa ku Bilila, ku Ntcheu, ndipo mantha ndinkangowamva kwa anzanga. Ndinagonapo pamanda chifukwa kunyumba kunali nsikidzi. Fisi wina anandipeza panjira ya ku Sharpevale, ndinamuyang'ana m'maso mpaka anapepesa. Sukulu ndinkangoidutsa kuseri popita kubusa, koma palibe wa madigiri amene anandigonjetsapo pa mlandu. Ndiye ndikamati tsiku limenelo mantha anandigwira, mudziwe kuti sizinali zocheza.

Ku Perth, mzinda wa azungu kutsidya kwa nyanja yaikulu, ndinapitira mdzukulu. Mwana wanga Ennie, namwino pa chipatala chachikulu ku Murdoch, anabereka mwana wamwamuna, woyamba, n'kunditumizira tikiti kuti ndikamutche dzina. Ndege inauluka bwino chifukwa ndinakhala pafupi ndi phiko, ndikuliyang'anira njira yonse.

Nditafika ku Canning Vale kumene amakhala, amayi a mpingo anandiletsa kumunyamula mwanayo. Ati mpaka mchombo ugwe. Ndinkangomumva akulira kuchipinda, mawu ake ngati anga ndendende. Mchombo utagwa, amayiwo anadzaza nyumba kukonzekera mwambo wa madzulo, woti mwana atuluke, aikidwe m'manja mwanga, ndimutche dzina. Koma anauza mkamwini wanga Fraser kuti andichotsepo kaye, ati ndimawasokoneza powaphunzitsa kuphika.

Fraser ndi injiniya wa ku migodi, munthu wofatsa ngati madzi a mu mtsuko.

"Adadi, tiyeni ndikakuonetseni kanyumba kakale kumapiri uko," anatero. "Tibwerako nthawi yabwino."

Unali mwezi wa Julaye. Kumeneko ndi nthawi yozizira, ndipo dzuwa limathawa msanga ngati lili ndi mlandu. Tinafika kukuwaza kamvula, alendo ena akutuluka.

Nyumbayo, abale, sindinaionepo yotero. Khoma loyera mbee, matabwa akuda bii atapingasa paliponse ngati mbidzi. Chipinda cham'mwamba chinatulukira kunja kuposa cham'munsi, ngati munthu wa mimba yaikulu pa timiyendo tochepa. Mawindo ake timagalasi tating'onoting'ono tolumikiza. Chitseko chachifupi, moti ine, amene kumudzi amandituma kuthyola mapapaya popanda mtengo, ndinayenera kuwerama.

Anatilandira mayi wachizungu wachikulire, a Annette, amene amasamala malowo mongodzipereka. Iwo amalankhula, Fraser n'kumandimasulira. Ati mwini nyumbayo anali mayi wochokera ku Mangalande, wolemba mabuku, wosakwatiwa. Atapukwa kwawo, anamangitsa nyumba yofanana ndi za m'nthawi ya mafumu awo otchedwa Tudor, ndipo matabwa ena anachita kubwera pa sitima. Mabuku akewo ndinawaona. Mutawasanja, mukhoza kukwerapo n'kukayatsira fodya ku dzuwa. Mayi wolembayo anamwalira kalekale, ine ndisanamere ndevu.

Kenako a Annette anapita kukatseka kakantini ka tiyi. Foni ya Fraser inalira, za kuntchito, iye n'kulowera kumene tinaimika galimoto. Ndinatsala ndekha m'dimba.

Dimba lake linali lodabwitsa. Chakudya munalibemo. Mipanda ya masamba yometedwa bwino ngati mitu ya asilikali, maluwa aminga odulidwa nsonga, ndi timaluwa tofiirira tonunkha ngati sopo wodula. Njira zonse anathiramo timiyala, moti ukaponda timalira. Ndinazungulira kuseri n'kupeza kachitseko kena kali pululu.

Tsono ine ndinaleredwa. Sindilowa m'nyumba ya munthu ngati nkhuku.

"Odi!" ndinatero.

Zii.

"Odi kuno, eni nyumba!"

Kumwamba kunayankha mawu. A mayi, okalamba, opyapyala. Chingerezi sindichimva, koma mawu olandira mlendo ndi amodzi dziko lonse lapansi. Anali mawu a munthu amene wakhala nthawi yaitali osamva odi.

Ndinavula chipewa n'kulowa. Munali mdima wonunkha nkhungu. Ndinaima m'munsi mwa masitepe, n'kuwomba m'manja mwaulemu.

"Muli bwanji, mayi? Ife tili bwino. Tachokera kutali, ku Malawi."

Mawu aja anayankhanso, mofewa, ngati akufunsa. Ndiye mukundidziwa ine, munthu akangonditchera khutu. Ndinawauza zonse. Za ndege, za Ennie, za mdzukulu wanga amene analira tsiku lobadwa mpaka magetsi a chipatala anaphethira. Ndinawauza kuti madzulo omwewo ndikamunyamula koyamba. Ndinkaganiza kuti ndi wantchito wina wa pamalopo amene akusesa kumwamba.

"Basi mayi, kwada. Ndapita ine."

Mpando unakhwekhwerezedwa kumwambako. Machesi anakhwatchulidwa. Fungo la parafini linatsika masitepe.

Mtima wanga unakondwa. Ndinati kodi azungu ena mwambo ali nawo, akudziwa kuti mlendo satuluka yekha, amaperekezedwa. Ndinatsogola. Timiyala tinkalira pansi pa nsapato zanga, ndipo kumbuyo kwanga tinkaliranso, mopepuka. Kwetche. Kwetche. Kuwala kwa nyali kunkachokera kumbuyo, kukugwedera uku ndi uku, chithunzithunzi changa n'kumatalika patsogolo. Sindinacheuke. Ndinkangocheza nawo za mvula.

Nditafika poimika magalimoto ndinapeza Fraser ndi a Annette ataima limodzi, makiyi ali m'manja mwa mayiwo.

"Adadi, mumalankhula ndi ndani?"

"Ndi mayi awa andiperekezawa."

Ndinacheuka. Njira ili mbee. Nyali palibe. Munthu palibe.

Fraser anawafunsa a Annette. Ati kumwamba sikukwera munthu, masitepe anafumbwa, anatsekako ndi chingwe zaka zambiri zapitazo. Akulankhula choncho anaima, n'kununkhiza mpweya. Nkhope yawo inasintha. Anayang'ana ine, osati kumaso, koma paphewa panga. Analowa m'galimoto yawo osatsanzika.

"Ndi mphepo chabe, adadi," anatero Fraser. "Tiyeni, anthu akudikira."

Tinatsika phiri kutada. Mvula inaleka. Fraser anayatsa wailesi, kenako anaizimitsa kuti aimbire Ennie kuti tili m'njira. M'kachetechete ameneyo ndinamva.

Kwetche. Kwetche.

Pa tala. Msewu wosalala ngati tebulo, wopanda mwala ndi umodzi womwe. Ndinayang'ana pagalasi la m'mbali mwanga. Kumbuyo kunali kakuwala kachikasu, kotsika, pa msinkhu wa dzanja la munthu. Kankagwedera pang'onopang'ono, monga imachitira nyali munthu akamayenda mosafulumira. Galimoto inali kuthamanga moti mitengo inkaoneka ngati mpanda umodzi. Koma kakuwalako sikankatsalira.

"A Fraser, kumbuyoko mukuonako chiyani?"

"Njinga yamoto imeneyo."

"Njinga yamoto imagwedeza nyali chonchi?"

Anaponda mafuta. Tinalowa mumsewu waukulu, pakati pa malole aatali ngati sitima. Pa maloboti tinaima. Mapazi aja anayenda pang'ono, n'kuima pafupi ndi chitseko changa. Galasi linachita nthunzi kunja kwake, kachigawo kakang'ono, pa msinkhu wa pakamwa pa munthu wamfupi.

Fraser anatsokomola. "Adadi, mwanyamula parafini?"

Pamenepo m'pamene ndinazindikira kulakwa kwanga. Kwathu wokuperekeza sabwerera yekha. Mlendo ndiye amaima n'kunena kuti bwererani apa, mwandiperekeza. Ine ndinangolowa m'galimoto ngati mbuzi.

"Imani pambali."

"Pano saimapo, adadi, apolisi..."

"Apongozi, ndati imani!"

Anaima pafupi ndi mafakitale a ku Canning Vale, pamalo opanda anthu. Ndinatsika. Ndinavula chipewa. Sindinaone munthu, koma udzu wonyowa wa m'mbali mwa msewu unali utawala chikasu pamalo amodzi, mozungulira, ndipo pakati pa kuwalako panali mdima woima.

"Mayi," ndinatero, mawu anga akutuluka ngati a mwanapiye, "zikomo kwambiri. Mwandiperekeza. Bwererani apa."

Kuwala kunagwedera. Mawu aja analankhula, mwaulemu, mokoma mtima, ngati munthu amene akukana kuti umulandire katundu.

Ndinayang'ana Fraser. Anali atatsitsa galasi. Manja ake anagwira chiwongolero ngati akuchikama.

"Mwamva?"

"Ndamva."

"Akuti chiyani?"

"Akuti musadandaule. Angokufikitsani pa geti."

Poyamba mtima unatsika. Ndinati geti si nkhani. Kenako ndinaiona m'maganizo nyumba ya Ennie. Nyumba za kumeneko zilibe mpanda. Zilibe geti. Kapinga amachoka pamsewu mpaka pakhomo. Ukalowa pakhomo ndi pabalaza, ukadutsa pabalaza ndi kuchipinda. Palibe poti woperekeza aime. Ndipo ine ndi pakamwa pangapa ndinali nditawauza kale za mwana amene sanatulukebe panja, wosatchedwa dzina, wa paliwombo pofewa ngati papaya wakupsa.

Chapafupi panali geti la msika waukulu wa ndiwo zamasamba, lalitali ngati la kumwamba. Ndinapita pamenepo wapansi, n'kuligwira. "Geti ili, mayi." Mapazi anadutsa nane osaima. Ndinayesa geti la fakitale. Ndinayesa la sukulu. Ndinayesa la munthu wina amene galu wake anatuluka mokalipa, n'kuyang'ana kumbuyo kwanga, n'kubwerera atapinda mchira osauwanso. Kwetche. Kwetche. Mageti a anthu ena sankawawerengera.

Foni ya Fraser inkangolira. Mapeto ake anandipatsira.

"Adadi, muli kuti kodi?" anali Ennie. "Chakudya chazizira. Abusa afika kalekale. Mwana tamusambitsa, tamuveka, akungodikira inu."

"Mwana wanga, tamvera. Umunyamule, uime naye pawindo la pabalaza. Utsegule katani. Usatuluke."

"Mwayambanso nthano zanu zija? Lero lokha, adadi, chonde."

"Ennie. Ndinakupemphapo kanthu chibadwire?"

Ndinamumva akupita kuchipinda kukatenga mwanayo.

Fraser anandisiya kumapeto kwa msewu wawo, iye n'kupitirira yekha. Ndinamuuza kuti asambe m'manja ndi mchere asanakhudze chilichonse. Ndinaima pansi pa mtengo wa bulugamu, patali, pomwe nyumba imaoneka ngati bokosi la machesi. Katani inatseguka. Ndinaona Ennie, ndi kamtolo koyera pachifuwa pake. Nkhope sindinaione. Kumbuyo kwanga kuwala kunasendera kutsogolo pang'ono, ngati munthu amene akusuzumira paphewa pako kuti naye aone.

Ndinatchinga ndi thupi langa.

"Dzina lake ndi Chikhulupiriro," ndinatero pafoni. "Uwauze abusa. Tseka katani."

Ndinatembenuka n'kuyamba kuyenda, kuchoka kunyumbako. Mapazi anazengereza. Kenako ananditsata.

Ndinagona ku Cannington, kwa mnzake wa Fraser wa ku Chipata, a Levy, munthu wosakwatira. M'mawa tinabwerera kumapiri. A Annette anakana kutuluka m'kantini, anangolankhulira pawindo. Ati mayi wolemba mabuku uja ankakhala yekha, ndipo alendo ankawakonda moti aliyense ankamuperekeza ndi nyali mpaka pa geti lake lamatabwa. Pokhapo m'pamene ankabwerera. Koma atamwalira, boma linakuza msewu, geti n'kuzulidwa. Pomwe linali pano pamadutsa malole.

Ndinakaima pomwepo, pakati pa msewu. Malole anandizemba okha, madalaivala akundichitira sawatcha. Ndinati, "Mayi, ndi pano." Palibe chinachitika. Malo analipo, geti panalibe. Dzuwa litangopendeka, fungo la parafini linabwerera.

Amalawi a ku Perth amanong'onezana zosiyanasiyana. Ena ati ndinathyola duwa m'dimbamo. Azambiya ati ndinawafunsira mayi omwalira aja. Amayi a mpingo, amene anamva fungo lija pa jekete la Fraser, salankhulapo, amangoti ndinachita bwino. A Annette anamuuza Fraser kuti alendo masauzande adutsa pakhomo paja, koma onse amangolowa ndi makamera awo. Palibe ndi mmodzi yemwe anayambapo waodira.

Ndinakwera ndege ya kumudzi osapondanso pa kapinga wa Ennie. Ndinkati nyanja yaikulu ija iwalepheretsa. Titatera ku Lilongwe, pa simenti ya bwalo la ndege, ndinamva timiyala.

Pano ndili ku Bilila. Anthu amati Kadzamira wakalamba, wayamba kuyenda ndi nyali madzulo. Ine nyali ndilibe. Ana a m'mudzi ndinawaletsa kubwera pakhomo panga, ndipo amayesa ndasanduka wankhanza.

Chikhulupiriro akuyenda tsopano. Amathamanga, ati kuposa galimoto ya bambo ake. Lamlungu lililonse Ennie amaimba foni ya kanema kuti ndimuone. Ndimayankha masana okhaokha, nditatsamira khoma, msana wonse utagunda njerwa, kuti kumbuyo kwanga kusakhale malo oimapo munthu. Sabata yatha Ennie anati akufuna abwere naye pa Khirisimasi, agogo ake adzamunyamule.

Mwanayo anali pamwendo pa mayi ake, akundiyang'ana. Kenako maso ake anachoka pa ine, n'kupita pambali pang'ono, pamwamba pa phewa langa. Anamwetulira. Anakweza kadzanja n'kubayibitsa.

"Musabwere," ndinatero.